Mafunso ndi mayankho: za umunthu, miyambi ya makolo ndi kukhala bwino ndi anthu

Mafunso awawa ndi omwe anthu amandifunsa kawirikawiri tikamacheza za khalidwe, ena ndi ana anga a kumpingo, ena anzanga a kuntchito, enanso abale omwe ali kunja. Ine ndinakulira ku Ntcheu cha kumalire uko, pano ndikukhala ku Lilongwe, ndiye mayankho anga ambiri akuchokera pa zomwe ndinamva kwa agogo ndi zomwe ndaona ndi maso angawa. Pena ndayankha motalika pena mwachidule, kutengera ndi funso.

Kodi umunthu ndi chani kwenikweni? Aliyense amangoutchula

Taganizani kaye mmene timayankhulira. Munthu ali ndi miyendo iwiri, mutu, dzina ndi chiphaso chomwe, koma anthu akumunena kuti "amene uja si munthu", pomwe wina wosauka wopanda ndi njinga yomwe akuti "koma uyu ndiye munthu". Ndiye kuti kwa ife kubadwa kokha sikokwanira, umunthu umachita kuupeza ndipo ukhoza kukuthawa. Akuluakulu anati kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu, ndipo mawu amenewa ine ndimawamva motere: zoti ndiwe munthu sunganene wekha, amanena ndi anzako omwe akukhala nawe.

Ndipo amakuyeza pa zinthu zooneka ndi maso. Pamudzi pagwa zovuta wafika kapena ayi, mlendo wakupeza ukudya wamuitana kapena wabisa mbale, wakwezedwa pantchito ukuperekabe moni kwa alonda kapena wayamba kuwadutsa ngati chitsa. Umunthu si mawu okoma a pa maikolofoni ayi, ndi ntchito, ndipo nthawi zambiri ndi ntchito yoti palibe amene akulipire.

Miyambiyo ndi ya kumudzi, ife tili mtauni ndi mafoni, itithandiza chani?

Zasintha ndi zida chabe achimwene, mtima wa munthu ndi womwe uja. Agogo ankati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, iwo ankaona pusi mumtengo, ife tikuona mnyamata yemwe wayamba geni ya kaunjika, sabata yamawa wasiya akuti kabaza ndiye muli ndalama, mwezi usanathe mpamba onse wathera ku betingi. Ankati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame, nanga si tawaona anthu omwe anali pafupi ndi mipando yonona akuyenda ndi magalimoto a boma, boma litasintha akudikira minibasi pa siteji limodzi ndi anthu omwe ankawanyoza? Mu 2013 nkhani ya Cashgate itaphulika ku Capital Hill, anthu ena ogwira ntchito m'boma anapezeka ndi ndalama zankhaninkhani m'magalimoto ndi m'nyumba pomwe muzipatala mulibe mankhwala, ena mwa iwo anakathera kundende. Choipa chitsata mwini, mwambi umenewu sunafunike kuusintha ngakhale liwu limodzi.

Nanga bwanji miyambi ina imatsutsana yokhayokha?

Funso ili ndimalikonda chifukwa amene wafunsa ndiye kuti wamvetsera bwino. Nzoona, imatsutsana. Wina akuti kuona maso a nkhono nkudekha, winanso akuti papsa tonola sudziwa mtima wa moto, ndiye ndidekhe kapena ndifulumire? Uku akuti mutu umodzi susenza denga, uku akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Uku sunga khosi mkanda woyera udzavala, uku zengerezu adalinda kwawukwawu.

Makolo sanali osokonezeka mutu. Miyambi sinali malamulo olemba pakhoma ngati a kusukulu, inali ngati makasu ndi nkhwangwa ndi zikwanje zili m'nyumba imodzi, umatenga chogwirizana ndi ntchito ya tsikulo. Pabwalo la milandu kwa amfumu mkulu wina amatha kuponya mwambi, mnzake nkumubwezera ndi wina wotsutsa, ndipo anthu amamvetsera kuti ndi uti wagwera pamalo pake lero. Ndiye nzeru sikuloweza miyambi 100, ndikudziwa kuti lero ndi tsiku lodekha kapena ndi tsiku lothamanga. Mtsikana amene mwamuna akumumenya tsiku ndi tsiku kumuuza kuti sunga khosi, banja nkupirira, kumeneko nkugwiritsa chida cholakwika ndipo anthu afa nazo zimenezi. Koma mnyamata yemwe wangoyamba ntchito miyezi itatu akufuna kale galimoto ya pangongole, ameneyo ndiye wofunika kumuuza za khosi ndi mkanda.

Ndili ku Joni, achibale kumudzi amangondipempha ndalama daily, ndikakana akuti ndataya umunthu. Nditani?

Apa ndikhalitsapo chifukwa ambiri akuvutika nazo chamumtima. Choyamba, nkhaniyi siyachilendo. Azigogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ena ku Salisbury (pano ndi Harare) ndi ku Copperbelt ku Zambia, ndipo omwe anapita osabweranso osatumizanso kanthu anapatsidwa dzina loti matchona, dzina lowawa ndithu. Ndiye mantha otchedwa mtchona ndi akale, ndipo achibale amadziwa kuti pamenepo ndi pamene pali chilonda chanu.

Kuthandiza kwanu nkoyenera, osakayika. Amayi anu akadwala, mwana wa mlongo wanu akasowa fizi, feteleza wa chaka chino, izi ndi zanu ndithu, makamaka ife a chikamwini komwe malume amakhala mwini mbumba. Kupatsa nkuika, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe ukachenjera manja udya naye. Koma umunthu uli ndi mbali ziwiri. Amene akulandira nayenso ayenera kukhala munthu kwa inu. Ngati m'bale wanu sanakufunsenipo kuti mukugona potani, mukudya chani, mapepala anu ali bwanji, munapulumuka bwanji nthawi zija anthu akunja ankathamangitsidwa ndi kuphedwa ku South Africa ngati mu 2008 ndi 2015, iye uthenga wake ndi umodzimodzi "tumizani kangachepe", ndiye amene wataya umunthu si inu ayi.

Kumudzi kwathu kunali dima, munthu amaphika thobwa kapena mowa nkuitana anthu kudzalima munda wake, koma mwini munda amakhala patsogolo ndi khasu lake, samakhala pansi pa mtengo kuonerera. Thandizo la makolo linali lotero, umathandiza munthu amene nayenso wagwira khasu. Ndiye ine malangizo anga ndi akuti khalani pansi muone kuti pamwezi mungakwanitse zingati osalowa m'katapila, muwauze poyera, musankhe munthu mmodzi wokhulupirika yemwe zizidzera kwa iye, ndipo zinthu ngati fizi muzilipira kusukulu konko osati kudzera m'manja mwa anthu asanu. Adzadandaula miyezi iwiri kenako adzazolowera. Ndinaonapo bambo wina atabwerako patatha zaka 14, ndalama ankatumiza mwezi ndi mwezi zoti amumangire nyumba, anapeza maziko okha atamera udzu, ndipo anthu omwe anadya ndalamazo ndi omwe anayamba kumuseka kuti wabwera chimanjamanja. Zinandiwawa kwambiri ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Maliro aliwonse ndiyenera kupita? Ntchito sizilola

Onse simungakwanitse, aliyense akudziwa. Koma a pamudzi panu, a mu mzere wa nyumba zomwe mukuchita lendi, a kuntchito ndi a kumpingo kapena kumzikiti, yesetsani olo kungofika madzulo kukakhala pang'ono pa siwa. Maliro ndi pomwe umunthu wathu umaonekera kwambiri. Tangoonani mmene zimayendera, masamba aikidwa pamsewu wanjinga watsika wagalimoto wachepetsa liwiro olo sakumudziwa womwalirayo, azimayi abwera ndi kaufa ndi nkhuni pamutu, adzukulu alawirira kumanda mbandakucha kukakumba popanda malipiro, amfumu alengeza chipepeso mpaka cha munthu amene wapereka kandalama kochepetsetsa. Palibe kampani yomwe inakonza zimenezi, ndi anthu okha anagwirizana kalekale kuti pa tsiku limeneli munthu asasenze yekha.

Kutumiza chipepeso pa Mpamba kapena Airtel Money nkwabwino ngati muli kutali, koma ngati muli pompano ndalama siilowa m'malo mwa nkhope yanu. Chaona mnzako chapita mawa chiona iwe. M'midzi ina munthu wosayenda m'maliro a anzake zikamugwera adzukulu amamusiya kaye kuti alawe, ndipo amakapepesa kwa amfumu ndi nkhuku asanayambe kukumba.

Chinanso chomwe ndikufuna ndinene, tisamadikire maliro. Pali anthu amagula bokosi lodula kwambiri la munthu yemwe ali m'chipatala sanamupititsireko ndi phala lomwe.

Anthu a masiku ano ndi akuba, kodi kulandira alendo kukadali kwanzeru?

Kusamala nkofunika, musatsegulire aliyense usiku. Koma ndikuuzeni zomwe ndinaona ndili mwana. Kwathu ku Ntcheu malo ena msewu waukulu wa M1 ndiwo malire, mbali iyi Malawi mbali iyo Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta cha m'ma 1986 anthu anayamba kuwoloka, azimayi ana kumsana mitolo pamutu, ena opanda kanthu kalikonse. Dziko lathu losaukali linasunga anthu othawa nkhondo opitirira 1 miliyoni, ku Nsanje anachita kuchuluka kuposa eni dera, ndipo mabungwe asanafike ndi ufa ndi nyemba zawo anayamba kuwalandira ndi anthu wamba a m'midzi. Agogo anga anapatsa banja lina khitchini yawo kuti azigonamo ndi kachigawo ka dimba. Sanali achibale athu, chilankhulo chokha ndi chomwe chinali chimodzi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anabwerera kwawo, koma kwa zaka zambiri bambo a banja lija ankabwera pa njinga ndi thumba la mbatata ya kachewere kudzaona agogo, ndipo pa maliro a agogo analira ngati mwana wawo.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndiponso mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti nzeru yomwe mukuisowa pakhomo panu mwina ili ndi munthu amene mukumuona ngati wodzapempha.

Ndipo musaganize kuti mtima umenewu unatha. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, komanso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, anthu oyamba kukumba anali anyamata a m'makomo momwemo ndi makasu ndi manja, anyamata omwewo omwe timawanena kuti a masiku ano alibe khalidwe.

Akulu akalakwa tizingokhala chete poti ndi ulemu?

Ayi. Ulemu ndi mantha ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale zimavala malaya ofanana. Nzoona mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo limenelo likayamba lokha kuyatsa moto ndiye pafunika wina anene. Pachikhalidwe chathu njira zinalipo, mfumu inali ndi nduna zoidzudzula kuseri, banja linali ndi ankhoswe, ngakhale nyimbo za pamtondo azimayi ankaimbiramo madandaulo awo mwamuna kapena apongozi akumva ali pakhonde, ndipo gule wamkulu amene ali ndi zilombo zina zomwe ntchito yake ndi kuonetsa poyera makhalidwe oipa kuti anthu aseke nkuphunzirapo.

Amene tinakula nthawi ya Kamuzu tinaloweza ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawu abwino onsewo, koma kumvera kuja kunafika poti munthu akatengedwa usiku anansi ankangotseka zitseko. Pa 8 Malichi 1992 mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yomwe inawerengedwa m'matchalitchi awo onse, yonena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za anthu omangidwa popanda mlandu, ndi zoti anthu akuopa kuyankhula. Sanatukwane munthu, analemba mwaulemu, koma ananena. Anaopsezedwa kwambiri, koma pa 14 Juni 1993 anthu anavota pa riferendamu kusankha zipani zambiri. Kwa ine chitsanzo cha kudzudzula mwaulemu ndi chimenecho. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndiye ngati ndi bambo anu kapena abwana anu, sankhani nthawi, musawachititse manyazi pagulu, ngati nkotheka dzerani kwa munthu amene iwo amamumvera, koma zoona zake zinenedwe.

Mbali inayo ndiyonso ikundidetsa nkhawa kwambiri. Tikuti timalemekeza akulu koma nkhalamba zikumenyedwa ndi kuphedwa poziganizira ufiti, ngati zinachitika ku Neno mu 2016 pomwe agogo anayi a banja limodzi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma olo lamulo likanapanda kukhalapo, gogo amene anakusenzani kumsana simungamutenge ngati chilombo chifukwa choti wakalamba, maso afiira ndi utsi wa kukhitchini ndipo akuyankhula yekha. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo.

Nsanje ndiithetse bwanji? Anzanga onse akutukuka ine ndili pomwepo

Mwachita bwino kuvomera, ambiri amakana. Nsanje ndi matenda athu akale moti mpaka nyimbo ya fuko yomwe anapeka a Michael Sauka imaitchula pamodzi ndi njala ndi nthenda ngati adani oti Mulungu atigonjetsere. Chomwe ndaona ine nchoti nsanje imakula ukamamuonera munthu patali, makamaka pa Facebook pomwe aliyense amaika tsiku lake labwino lokha. Ukamuyandikira nkumufunsa kuti mnzanga unayamba bwanji, umapeza kuti walira mvula walira matope, galimoto ija ili ndi ngongole yake, sitolo ija munthu amadzuka 4 koloko. Safunsa anadya phula. Pitani mukafunse, nsanje ija imasanduka sukulu. Ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno, yambani ndi chomwe muli nacho m'manja.

Mnzanga weniweni ndingamudziwe bwanji?

Dikirani tsiku lomwe mulibe kanthu. Pali chibwenzi cha nkhwangwa chokoma pokwera, munthu akathyola zipatso nkhwangwa ija amaisiya pansi pa mtengo. Onaninso mmene amanenera anzake ena pamaso panu, chifukwa inunso mukachoka amakunenani choncho.

Mnzanga anandibwereka ndalama sakubweza, ndimusiye poti ndi umunthu?

Mufunseni, si kulakwa. Mufunseni panokha kaye, kenako ndi mboni imodzi, osati kumulemba pa gulu la WhatsApp. Ngati zamuvutadi gwirizanani kuti azibweza pang'onopang'ono, munthu wa umunthu amabwera yekha kudzanena kuti zandivuta, wopanda umunthu ndi amene amazima foni nkumakudutsani ndi nsapato zatsopano. Azimayi a banki m'khonde ndi a chipereganyu anaidziwa kale nkhaniyi, amakondana ndithu koma buku amalemba. Ndipo mtsogolo muno musabwereke mnzanu ndalama yomwe ikapanda kubwera mudzadana naye mpaka kumanda.

Kodi kuulula mavuto a m'banja pa intaneti nkolakwika? Mesa kukhala chete kumapha?

Zonse ziwiri nzoona. Kukhala chete kukuphadi anthu, makamaka azibambo omwe anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndipo nkhani za anthu odzipha tikuzimva pafupipafupi. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma palibe pomwe makolo ananena kuti uzilandira nkhonyazo uli wekha m'chipinda. Yankhulani ndithu. Funso ndi lakuti mukuyankhula kwa ndani. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Ankhoswe, malume, abusa kapena ashehe, mnzanu mmodzi wosunga chinsinsi, achipatala, ndipo ngati pali nkhanza apolisi ali ndi ofesi yothandiza ozunzidwa, awa ndi anthu oti akhoza kuchitapo kanthu. Anthu 3,000 a pa Facebook ambiri angodyapo nkhani, mawa inu mwagwirizana ndi akunyumba kwanu koma zithunzi za zomwe munalemba zikuyendabe m'mafoni, ana anu adzaziwerenga. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Ana tingawaphunzitse bwanji zimenezi poti kulibenso kukhala pamoto madzulo?

Kuwongola mtengo mpoyamba, izi aliyense amadziwa. Koma ana samva zomwe tikunena, amaona zomwe tikuchita. Mungamuuze mwana miyambi yonse koma ngati akukuonani mukukalipira wantchito wa pakhomo ngati galu, mukumupatsa chakudya chotsala pa mbale ina yake yosweka, mukunama pafoni kuti muli ku Salima muli pabalaza, waphunzira kale. Mutengeni popita kukaona odwala, mutumeni akapereke ndiwo kwa agogo a nyumba yoyandikana nayo, azilandira chinthu ndi manja awiri, azidziwa kupereka moni. Pa holide apiteko kumudzi akadziwe azakhali ndi amalume ake, ndipo muziyankhula naye Chichewa, chifukwa mwana amene sangathe kucheza ndi agogo ake mwamudulira msewu wopita ku nkhokwe. Ngati mungathe kafikeni naye ku Mua ku Dedza, ku Kungoni, malo osungirako chikhalidwe omwe wansembe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akaone zinyawu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kapena ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika ku Katete m'dziko la Zambia kumapeto kwa Ogasiti komwe Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakumana kwa Kalonga Gawa Undi.

Ndinalakwira munthu zaka zapitazo, manyazi akundilepheretsa kupita kukapepesa. Nthawi sinathe?

Ngati onse muli moyo sinathe. Kwathu kupepesa sikunali kotumiza uthenga wa mawu awiri pafoni, munthu amanyamuka ndi mkulu wina womuperekeza, atanyamula nkhuku kapena kenakake m'manja, amakhala pansi osati pampando, ndipo amatchula cholakwacho ndi dzina lake osati zoti "ngati ndinakulakwirani penapake". Ngati munatenga chinthu mubweze, olo theka, olo pang'onopang'ono. Musapite ndi mtima woti akukhululukireni tsiku lomwelo, mwina adzakuyankhani mozizira, mwina adzakuthamangitsani, ufulu umenewo ali nawo chifukwa amene anapwetekedwa ndi iwo. Inu mbali yanu ndi kufika. Pezani kaye munthu wamkulu amene onse awiri mumamulemekeza, mumufotokozere zonse osabisako mbali yanu yoipa, iyeyo ndi amene akatumize mawu kuti mukubwera ndipo akuuzeni tsiku.